Momwe kompyuta imagamulira kuti nkhani ndi yoona kapena yabodza

Munthu akaima pa kabenchi ka ejenti mumsika waukulu wa Mzuzu n'kulemba PIN pafoni yake kuti atumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pamadutsa masekondi ochepa uthenga usanabwere. M'masekondi amenewo pulogalamu imakhala itafunsa mafunso angapo: kodi PIN ndi yolondola, kodi ndalama zili mu akaunti zikukwanira pamodzi ndi mtengo wotumizira, kodi nambala yolandira ilipo, ndiponso kodi wotumizayo sanapyole malire a ndalama zomwe angatumize. Funso lililonse lili ndi mayankho awiri okha, inde kapena ayi, ndipo mayankho onsewo amamangidwa pamodzi kuti patuluke chigamulo chimodzi. Zomwe zimamanga mayankhowa zimatchedwa ma logical operator, ndipo m'nkhani ino tizizitchula kuti zolumikizira. Chiganizo chonse chomwe chimatuluka chimatchedwa boolean expression.

Ophunzira a ICT pa Mzuzu University ku Luwinga, ngakhalenso achinyamata omwe akudziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu kudzera pa intaneti, amakumana ndi phunziroli koyambirira ndithu, ndipo ambiri amalidutsa mwachangu chifukwa zolumikizira zikuluzikulu zilipo zitatu zokha. Vuto lake ndi lakuti cholakwika cha mtundu umenewu kawirikawiri sichichititsa pulogalamu kudandaula. Munthu akaiwala kutseka bulaketi, kompyuta imakana kugwira ntchito mpaka akonze, koma akalumikiza mafunso molakwika, kompyuta imapereka yankho bwinobwino, ndipo yankholo limakhala la funso lomwe iye analemba osati la funso lomwe linali m'mutu mwake.

Dzina loti boolean linachokera kwa George Boole, katswiri wa masamu yemwe anabadwira ku Lincoln ku England mu 1815 ndipo ankaphunzitsa pa Queen's College ku Cork, m'dziko la Ireland. M'mabuku ake a mu 1847 ndi 1854 anaonetsa kuti kaganizidwe kolongosoka kangalembedwe ngati masamu, pogwiritsa ntchito 1 ndi 0. Anamwalira mu 1864, kompyuta zamagetsi zisanabwere. Amene analumikiza masamu amenewa ndi mawaya anali Claude Shannon, yemwe mu 1937, ali wophunzira pa yunivesite ya MIT ku America, anaonetsa kuti maswichi awiri oikidwa mondondozana pa waya mmodzi amachita ntchito ya AND, popeza magetsi amadutsa pokhapokha onse awiri atayatsidwa, pomwe maswichi oikidwa pa mawaya awiri oyendera limodzi amachita ntchito ya OR, popeza imodzi yokha ikayatsidwa magetsi adutsa.

AND imapereka zoona pokhapokha mbali zake zonse ziwiri zikhale zoona. OR imapereka zoona ngati mbali imodzi ili yoona. NOT imatembenuza yankho, zoona kukhala zabodza ndi zabodza kukhala zoona. M'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python zimalembedwa ndi mawu akuti `and`, `or` ndi `not`, pomwe mu C, Java ndi JavaScript zimalembedwa ndi zizindikiro `&&`, `||` ndi `!`. Pa OR pokha ndi pomwe tiyenera kuimapo pang'ono. Wogulitsa chakudya akafunsa kuti "nsima kapena mpunga," amayembekezera kuti musankha chimodzi, koma OR ya kompyuta imavomerezanso mbali zonse ziwiri zikakhala zoona nthawi imodzi. Cholumikizira chomwe chimafuna mbali imodzi yokha n'kukana zonse ziwiri ndi XOR, ndipo amagetsi amachidziwa bwino ngakhale asanamve dzina lake, chifukwa ndi momwe amagwirira ntchito maswichi awiri oyatsira babu limodzi, ina pansi pa masitepe ina pamwamba.

Mafunso akapitirira awiri, pamabuka nkhani yoti cholumikizira chiti chiyambe kugwira ntchito. Chitsanzo chabwino chili m'malamulo oyendetsera dziko la Malawi a mu 1994. Gawo 77 linalembedwa kuti, tikasiya pambali zoletsa zina, munthu angalembetse m'kaundula wa voti ngati ali nzika ya Malawi kapena, ngati si nzika, wakhala m'dziko muno kwa zaka 7. Ayeneranso kukhala kuti wakwanitsa zaka 18. Ndiponso ayenera kukhala kuti amakhala m'dera lomwe akulembetsalo, kapena anabadwiramo, kapena amagwiramo ntchito, kapena amachitiramo bizinesi. Wophunzira wofulumira angalembe mbali ziwiri zoyambazo motere mu Python:

`nzika or zaka_mdziko >= 7 and zaka >= 18`

Munthu akawerenga mzerewu amaumva monga momwe lamulo likunenera. Kompyuta siiwerenga choncho. M'zilankhulo zambiri NOT ndiyo imayamba, kenako AND, ndipo OR imabwera pomaliza, monga momwe kuchulukitsa kumayambira kuphatikiza kusanachitike m'masamu a kupulayimale. Choncho mzerewu ukunena kuti munthu adutse ngati ali nzika, basi, kapena ngati wakhala zaka 7 ndipo wakwanitsa zaka 18. Mwana wa zaka 10 wa ku Chibavi, popeza ndi nzika, wadutsa. Chofunika ndi mabulaketi awiri:

`(nzika or zaka_mdziko >= 7) and zaka >= 18`

Chomwe chimabisa cholakwika chotere ndi chakuti anthu ambiri omwe angayesedwe nacho ndi nzika zachikulire, ndipo kwa iwo mizere iwiriyi imapereka yankho lofanana. Alipo olemba mapulogalamu omwe amanyadira kuti amadziwa pamtima dongosolo lonse la zolumikizira ndipo safuna mabulaketi osafunikira. Ine ndimaona kuti pomwe AND ndi OR zakumana mumzere umodzi mabulaketi ayenera kulembedwa ndithu, ngakhale pomwe sangasinthe yankho, chifukwa amene adzakonze pulogalamuyo patapita chaka sadzadziwa ngati wolemba woyambayo anasiya mabulaketi mwadala kapena moiwala.

Cholakwika china chofala chimabwera chifukwa cha momwe timafupikitsira mawu polankhula. Timati "wochokera ku Mzimba kapena ku Rumphi," ndipo wophunzira amalemba `boma == "Mzimba" or "Rumphi"`. Python imagawa mzerewu pawiri: mbali yoyamba ndi funso loti kodi boma ndi Mzimba, `boma == "Mzimba"`, mbali yachiwiri ndi mawu akuti `"Rumphi"` paokha. Popeza mawu aliwonse omwe si opanda kanthu amatengedwa ngati zoona, mzere wonse umadutsa nthawi zonse, kaya munthuyo ndi wa ku Karonga, ku Chitipa kapena ku Nsanje. Zolondola ndi kubwereza funso lonse mbali zonse ziwiri, kapena kulemba `boma in ("Mzimba", "Rumphi")`. Chimodzimodzinso `18 <= zaka <= 35`, chomwe mu Python chimatanthauza zomwe maso akuona, mu C ndi JavaScript chimakhala choona nthawi zonse, chifukwa mbali yoyamba imasanduka 1 kapena 0, ndipo manambala onse awiriwa ndi ochepera 35. Java imakana mzere wotere isanayambe n'komwe kuyendetsa pulogalamu.

Apa tafika pa nkhani yoti zilankhulo zambiri zimalola chinthu chomwe si zoona kapena zabodza kuima pamalo a funso. Chilankhulo cha C, chomwe Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chinakhala chopanda mtundu wapadera wa boolean mpaka mu 1999. Lamulo lake linali lakuti 0 ndi zabodza ndipo nambala ina iliyonse ndi zoona. Python imatenga 0, mawu opanda kanthu, mndandanda wopanda kanthu ndi `None` (kutanthauza kuti palibe chinthu) ngati zabodza. JavaScript imatenga 0, mawu opanda kanthu, `null` ndi `undefined` (zotanthauza kuti palibe chinthu) ndi `NaN` (chomwe si nambala) ngati zabodza, koma mndandanda wopanda kanthu imautenga ngati zoona, mosiyana ndi Python, ndipo zilembo `"0"` zolembedwa ngati mawu, monga zimabwerera kuchokera pa fomu ya pa intaneti, nazonso ndi zoona. Amene amalemba Python m'mawa ndi JavaScript madzulo ayenera kusunga malamulo awiri osiyanawa m'mutu umodzi.

Kuwonjezera apo, mu Python ndi JavaScript zolumikizirazi sizibweza zoona kapena zabodza zokha. Zimabweza chinthu chenichenicho chomwe chagamula nkhani. Olemba mapulogalamu amakonda kugwiritsa ntchito khalidweli poika nambala yogwirira ntchito pomwe munthu sanalembe kanthu. Tiyerekeze pulogalamu ya SACCO ina m'tauni muno yomwe ili ndi mzere wakuti `chiwongoladzanja = cholembedwa || 5`, kutanthauza kuti kalaliki akapanda kulemba chiwongoladzanja, pulogalamu iike 5. Zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe komiti yagwirizana kupereka ngongole ya maliro yopanda chiwongoladzanja, kalaliki n'kulemba 0. Popeza 0 akakhala nambala amatengedwa ngati zabodza, pulogalamu imamutaya n'kuika 5, ndipo membala amalipiritsidwa ndalama zomwe komiti inamukhululukira. N'chifukwa cha mavuto otere kuti mu 2020 JavaScript inalandira chizindikiro chatsopano, `??`, chomwe chimatenga mbali yachiwiri pokhapokha yoyambayo ikhale `null` kapena `undefined`, ndipo 0 chimamusiya momwe alili.

Gawo lomwe limafunika kulimvetsa kwambiri ndi la momwe kompyuta imasiyira kuwerenga ikangodziwa yankho, zomwe zimatchedwa short-circuit evaluation. Kompyuta imayamba kumanzere. Pa AND, mbali yoyamba ikakhala yabodza, palibe chomwe mbali yachiwiri ingasinthe, choncho siiwerengedwa n'komwe. Pa OR, mbali yoyamba ikakhala yoona, yachiwiri imasiyidwanso. M'masamu a Boole, A AND B ndi chimodzimodzi ndi B AND A, koma mu pulogalamu kusinthanitsa mbali ziwirizi kungathe kugwetsa chilichonse. Taonani mzere wofuna kudziwa ngati gulu la alimi a khofi lapereka makilogalamu opitirira 50 pa membala aliyense:

`mamembala > 0 and makilo / mamembala > 50`

Gulu likakhala lopanda membala wolembedwa, mbali yoyamba ndi yabodza, ndipo kugawa ndi 0, komwe kukanaimitsa pulogalamu, sikuchitika. Mbali yoyamba ikuteteza yachiwiri. Wina akabwera n'kuzisinthanitsa poganiza kuti palibe chasintha, pulogalamu idzagwa tsiku loyamba lomwe gulu latsopano lalembetsedwa lisanaike maina. Njira yomweyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito poona ngati chinthu chilipo musanafunse zomwe zili m'kati mwake, ndiponso poika kutsogolo funso losavuta kuti funso lofuna kulumikizana ndi seva yakutali lizifunsidwa pokhapokha pakufunikadi, zomwe zili ndi phindu looneka kwa aliyense wolipira bandulo.

Khalidwe lomweli lili ndi mbali yake yoopsa. Ngati mbali yachiwiri ili function (kachidutswa ka pulogalamu kokhala ndi ntchito yakeyake) yomwe, kuwonjezera pa kupereka yankho, imachitanso ntchito ina monga kulemba m'kaundula kapena kuwerenga kuti munthu walakwitsa PIN kangati, ntchitoyo idzachitika nthawi zina ndipo nthawi zina sidzachitika, malinga ndi yankho la mbali yoyamba. Cholakwika chotere n'chovuta kuchisaka chifukwa mzere womwe uli ndi vuto umaoneka kuti ulipo ndipo ndi wolembedwa bwino.

Si zilankhulo zonse zomwe zimasiya kuwerenga motere. Mu Visual Basic, `And` ndi `Or` zimawerenga mbali zonse ziwiri, ndipo wofuna kuti zisiyire panjira ayenera kulemba `AndAlso` ndi `OrElse`. Chilankhulo cha Ada chili ndi `and then` ndi `or else` pa ntchito yomweyo. Mu Excel, yomwe ma akawuntanti ndi aphunzitsi ambiri mu Mzuzu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, AND imawerenga zonse zomwe yapatsidwa, kotero kuti chitetezo cha mamembala chija sichigwira ntchito ndipo bokosi limaonetsa #DIV/0!; pamenepo pamafunika IF (lamulo lakuti "ngati") mkati mwa IF ina. Ndipo mu C, C++ ndi Java muli `&` mmodzi pambali pa `&&` awiri: woyambayo amawerenga mbali zonse nthawi zonse.

Kusiyana kwa chilembo chimodzi chimenechi kunaonekera poyera mu July 2021, pomwe Google inatulutsa ChromeOS 91 yokonzedwanso, pulogalamu yoyendetsa makompyuta otchedwa Chromebook, momwe mzere wina woona za makiyi a munthu wolowa mu kompyuta unali ndi `&` m'malo mwa `&&`. Mbali yoyamba inkafunsa ngati chinthu chilipo, yachiwiri inkafunsa za m'kati mwake, ndipo chitetezo chitachoka, anthu omwe ma Chromebook awo analandira pulogalamuyo analephera kulowa ngakhale ankalemba password yolondola. Chitsanzo china ndi cha mu November 2003, pomwe munthu wosadziwika analowetsa mizere iwiri mu kope lina la code ya Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta. M'mizereyo munali funso la mbali ziwiri lolumikizidwa ndi `&&`, ndipo mbali yachiwiri inalembedwa `current->uid = 0`, ndi chizindikiro chimodzi cha `=` m'malo mwa ziwiri. Mu C, `==` amafunsa ngati zinthu zili zofanana, pomwe `=` amaika nambalayo m'chinthucho. Popeza mu Linux `uid` 0 ndi nambala ya munthu wa mphamvu zonse, mzerewo unkaoneka ngati ukufunsa ngati munthu ali ndi mphamvu zonse pa kompyutayo, koma kwenikweni unkamupatsa mphamvuzo, ndipo chifukwa cha short-circuit zimenezi zikanachitika kwa yekhayo wodziwa kukwaniritsa mbali yoyamba. Chinyengocho chinagwidwa chisanalowe mu Linux yeniyeni.

Kutembenuza chiganizo chonse ndi NOT nakonso kumasokoneza anthu. Augustus De Morgan, yemwe anakhala nthawi imodzi ndi Boole, ndiye dzina lake linapatsidwa kwa malamulo awiri a pankhaniyi: NOT ikalowa m'mabulaketi, mbali iliyonse imatembenuka, ndipo AND imasanduka OR, OR imasanduka AND. Ngati ngongole imaperekedwa kwa amene ali membala ndipo alibe ngongole yakale, okanidwa si okhawo omwe si mamembala ndipo ali ndi ngongole yakale. Okanidwa ndi omwe si mamembala kapena ali ndi ngongole yakale. Wosiya AND pamalo pake amatsegulira khomo membala aliyense wa ngongole. Tiyeneranso kukumbukira kuti chotsutsana ndi `zaka > 18` si `zaka < 18` koma `zaka <= 18`, apo ayi munthu wa zaka 18 zenizeni sapezeka mbali iliyonse.

Zonse tanenazi zikudalira mfundo yoti mayankho alipo awiri. Mu SQL, chilankhulo chofunsira mafunso ku database (nkhokwe ya zolembedwa ya pa kompyuta), alipo atatu. Bokosi lomwe silinalembedwe kanthu limakhala ndi NULL, kutanthauza kuti chomwe chinayenera kukhalamo sichikudziwika, ndipo funso lililonse loyerekeza NULL ndi nambala limapereka UNKNOWN. Zabodza AND UNKNOWN ndi zabodza, zoona OR UNKNOWN ndi zoona, koma NOT UNKNOWN imakhalabe UNKNOWN. Popeza WHERE, mawu a SQL osefera mizere, imatulutsa mizere yokhayo yomwe yankho lake ndi zoona, msungichuma wa SACCO ija akafunsa mamembala omwe `ngongole > 0` kenako n'kufunsa omwe `NOT (ngongole > 0)`, mindandanda iwiriyo akaiphatikiza sidzakwana chiwerengero cha mamembala onse ngati pali ena omwe bokosi lawo la ngongole linasiyidwa. Anthu amenewo sali pa mndandanda uliwonse. Kulemba `ngongole = NULL` sikuwapeza, chifukwa nakonso kumapereka UNKNOWN; amapezeka ndi `IS NULL`. M'maofesi momwe zolembedwa zinasamutsidwa kuchokera m'mabuku a pamanja kupita pa kompyuta, mabokosi osadzazidwa amakhala ambiri, ndipo lipoti lingathe kusiya anthu popanda chenjezo lililonse. SQL siilonjezanso kuti idzawerenga mafunso kuyambira kumanzere, popeza database imadzisankhira njira yomwe ikuona kuti ndi yachangu, choncho chitetezo cha kugawa ndi 0 chimalembedwa ndi CASE, yomwe ndi IF ya SQL, osati ndi AND.

Njira yodalirika yoonera ngati chiganizo chili cholondola ndi truth table, tebulo losonyeza yankho la kuphatikiza kulikonse kwa zoona ndi zabodza. Mafunso awiri amafuna mizere 4, atatu amafuna 8, ndipo funso lililonse lowonjezera limachulukitsa mizere kawiri, kotero kuti mafunso 10 amafuna mizere 1,024 ndipo 20 amapitirira miliyoni imodzi. Pa mafunso atatu kapena anayi, kujambula tebuloli pa pepala kumatenga mphindi zochepa ndipo kumagwira zolakwika zambiri zomwe tazitchula. Kupitirira pamenepo, chothandiza ndi kugawa chiganizo m'zidutswa zokhala ndi maina, monga `ndi_wamkulu`, `ndi_wa_mdziko` ndi `ndi_wa_mdera`, kenako n'kulumikiza mainawo ndi AND, kuti mzere womaliza uzimveka ngakhale kwa loya kapena kwa wapampando wa komiti yemwe sanaphunzirepo kulemba mapulogalamu.

Opanga mapulogalamu oyendetsa ndege, omwe sangayese mizere yonse koma sangalolenso kungoganizira, amatsata njira yotchedwa MC/DC, yomwe imafuna kuonetsa kuti funso lililonse palokha lingathe kusintha chigamulo mafunso ena onse atakhala osasintha. Kawirikawiri njirayi imafuna mayeso ongoposa chiwerengero cha mafunso ndi amodzi. Lamulo la gawo 77 lija lili ndi mafunso 7, kutanthauza mizere 128 pa tebulo lathunthu, koma mayeso 8 osankhidwa mosamala angaonetse kuti funso lililonse likugwira ntchito yake. Pakati pa mayesowo payenera kukhala nzika ya zaka 17 yokhala m'deralo, yomwe iyenera kukanidwa, ndipo mayeso amenewa okha ndi okwanira kuulula mabulaketi omwe anasiyidwa aja.